Mkute wa Mpunga Umene Unatchuka Dziko Lonse

Mtsinje wa Bua umayambira kuno ku Mchinji, m'mapiri a m'malire ndi dziko la Zambia, koma mpunga umene madzi ake amathirira uli kutali, ku Nkhotakota. Ife okhala kumtunda kuno timangoona madziwo akutsetsereka, ndipo mpungawo umadzatipeza pa lole utakwera kale mtengo. Mchinji ndi dziko la chimanga, mtedza, soya, fodya ndi mbatata ya kachewere. Ine amene ndinakulira kunyanja, kumene mwana amadziwa kupeta mpunga asanadziwe kuwerenga, zinanditengera nthawi kuti ndizolowere zoti kuno mpunga ndi mlendo wobwera pa Eid, pa ukwati ndi pa sadaka basi.

Ndiye poti ndi mlendo, tikaupeza timauphika mosayeza. Palibe mwini sadaka amene amafuna kumva mawa lake kuti anthu anabwerera ndi njala, choncho mapoto amatereka ochuluka kuposa pakamwa pamene pabwere. Dzuwa likamalowa mumapeza mabeseni awiri atatu akadali odzaza. Nkhani yanga ili pa mabeseni amenewa.

Chaka china, mwezi wa Okutobala, kunali sadaka pamudzi wina pafupi ndi madrasa imene ndimaphunzitsa. Mpunga unatsala wambiri. Amayi, mwa mtima wabwino, anaubwezera m'poto wamkulu ukadali wofunda, n'kuvundikira bwinobwino, n'kuusiya m'khitchini pafupi ndi mafuwa. M'mawa anautenthetsa nanditumizira uthenga kuti ana a madrasa abwere adzadye. Ndinawatenga ndekha, ndipo ndinadya nawo pang'ono. Sunali kununkha, sunali wanthenya, unali kukoma ngati dzulo lake. Nthawi ya Dhuhr isanakwane ana ambiri anali atayamba kusanza, wamng'ono kwambiri mpaka tinathamanga naye kuchipatala pa njinga. Mwa chifundo cha Allah onse anachira tsiku lotsatira. Koma chimene sichinachire msanga ndi mawu. Panamveka manong'onong'o akuti wina anathira mankhwala m'poto, ndipo mabanja awiri amene anaphika limodzi anatha miyezi osapatsana moni wabwino. Kuchokera pamenepo, mpunga ukatsala pa sadaka anthu amangokautaya kudzala kapena kupatsa nkhuku, mpunga wogula ndi ndalama za fodya wa chaka chathunthu.

Zonse ziwirizi zinkandivuta mumtima, kudwalitsa ana komanso kutaya chakudya, pakuti israafu, kuononga zimene tapatsidwa, timaphunzitsa tokha kuti n'koletsedwa. Yankho linabwera ndi alendo, monga akuluakulu ananenera kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Alendo a pamzikiti

Anali abambo anayi a jamaat ochokera ku Indonesia, amene anagona pamzikiti wathu masiku atatu ali pa ulendo wopita ku Chipata. Monga mwa mwambo wawo ankadziphikira okha. Tinkamvana m'Chiarabu chothyokathyoka ndi manja. Itatha swala ya Asr, mmodzi wa iwo, wamkulu wa imvi m'ndevu, anaphika mpunga ndi madzi ochepa, ndipo utangopsa anauyala pa thireyi mopyapyala ngati akuyanika mphale, n'kuuika pamthunzi podutsa mphepo atauphimba ndi kansalu kopyapyala. Ndinaganiza kuti walakwitsa kaphikidwe. Itatha Maghrib anabwereka chiwaya cha mnyamata wokazinga tchipisi, nakoleza makala mpaka kufiira. Anasinja anyezi, adyo ndi tsabola m'kamtondo, natulutsa m'chikwama kabotolo ka msuzi wakuda wonanda ngati uchi, ndipo ataona usipa wouma umene mkazi wanga anatumiza, anaseka n'kunena kuti, “Teri!” Kwawonso aliko tinsomba totere, ndipo amatiyanika chimodzimodzi.

Sizinathe mphindi 10. Mpunga unasanduka wofiirira, njere iliyonse payokhapayokha, fungo lake kufika mpaka pamsewu. Pamwamba pa mbale iliyonse anaikapo dzira lokazinga, pambali nkhaka ndi tomato. Ndinafunsa kuti, “Shehe, chakudya chimenechi dzina lake n'chiyani?” Anayankha kuti nasi goreng. Nditafunsanso ngati ndi chakudya cha pa chikondwerero, onse anayi anaseka kwambiri. Anati ndi chakudya cha mpunga wotsala. Kunena kwathu kuno, ndi mkute.

M'chiyankhulo chawo nasi ndi mpunga wophika, goreng ndi kukazinga. Ife mawu akuti mpunga timatchulira zonse, wa m'munda, wa m'thumba ndi wa m'mbale. Iwo wa m'munda amati padi, wopuntha koma wosakonola amati gabah, wokonola amati beras, ukapsa ndiye nasi. Anthu sapatsa chinthu maina anayi ngati sichili pakatikati pa moyo wawo, monga ifenso tili ndi mphale, mgaiwa, gaga ndi ufa woyera pa chimanga chimodzi chomwecho.

Indonesia ndi dziko la zilumba zoposa 17,000. Kalembera wa mu 2020 anapeza anthu oposa 270 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse pafupifupi 87 ndi Asilamu. Ambiri amatsata madhhab ya Imam Shafi'i ngati mmene makolo athu a kunyanja analandirira kuchokera kugombe la Zanzibar ndi Kilwa, n'chifukwa chake alendo aja atapanga qunut pa Fajr palibe amene anacheuka. Dzikolo linalamulidwa ndi Adatchi kwa nthawi yaitali, ndipo linalengeza ufulu wake pa 17 Ogasiti 1945.

Luso lokazinga mpunga m'chiwaya chakuya linafika kumeneko ndi amalonda ndi anthu osamuka ochokera kummwera kwa China. Koma eni dziko sanangotengera. Nyama ya nkhumba ndi mafuta ake, zimene zimapezeka m'kaphikidwe ka Atchaina, Asilamu anazichotsa n'kuikamo nkhuku, mbuzi, nsomba ndi mazira. Anawonjezamo zinthu ziwiri zimene zimasiyanitsa mpunga wawo ndi wa ena onse. Choyamba ndi msuzi wakuda uja, kecap manis, umene ndi msuzi wa soya wowiritsa ndi shuga wa mgwalangwa mpaka kunanda. Chachiwiri ndi terasi, tinkhanu ting'onoting'ono ta m'nyanja ya mchere tosinja, tothira mchere n'kusiyidwa kuti tisase. Fungo lake likakhala losaphika lingakuthamangitseni m'nyumba, koma kachidutswa kochepa ngati nsonga ya chala kamakometsa chiwaya chonse.

Chifukwa chenicheni chimene chakudyachi chinakhazikika ndi chimene chimativuta ife. Dziko lawo ndi lotentha ndi lachinyezi chaka chonse, mafuriji kunalibe, ndipo kutaya mpunga kunali chinthu chochititsa manyazi. Mpunga wotsala madzulo ankaukazinga m'mamawa kuti ana adye asanapite kusukulu. Kuchokera m'khitchini ya mayi wosauka unatuluka n'kupita pamsewu, kumene anyamata oyenda ndi tingolo usiku amagogoda chiwaya kuti anthu adziwe kuti afika, mpaka mpungawo unapatsidwa dzina loti tek-tek potsanzira kulira kwa chiwayacho. Ku Jakarta, dera la Kebon Sirih limadziwika ndi nasi goreng wa nyama ya mbuzi wothira zonunkhira zofanana ndi za pilau wathu. Adatchi anapita nawo kwawo ku Netherlands, ndipo anthu a ku Java amene anatengedwa kukagwira ntchito m'minda ya ku Suriname pakati pa 1890 ndi 1939 anakaudzala ku South America. Mu 2010 Barack Obama, amene anakhalako ku Jakarta ali mwana, atapita kukacheza ngati pulezidenti wa America, pa phwando la boma anamuikira nasi goreng. Mu 2018 boma la Indonesia linautchula kuti ndi chimodzi mwa zakudya zisanu zoimira dziko, pamodzi ndi rendang, soto, sate ndi gado-gado.

Taganizani, abale, mkute kuikidwa pa tebulo la mtsogoleri wa dziko. Ife mkute timadya mobisa, mlendo akatulukira timauvundikira ndi mbale.

Ndipo tisaone ngati anthuwa ndi akutali kwenikweni. Ena mwa makolo a anthu a ku Madagascar anachokera ku chilumba cha Borneo zaka zoposa 1,000 zapitazo, atanyamula mbewu ya mpunga m'ngalawa zawo. Sheikh Yusuf wa ku Makassar, amene Adatchi anamuthamangitsira ku Cape mu 1694, amakumbukiridwa mpaka lero ngati mmodzi wa oyambitsa Chisilamu ku South Africa. Mpunga wathu wa kunyanja nawonso ndi wa mtundu wa ku Asia. Ku Nkhotakota ulimi wake unakula m'nthawi ya ma Jumbe, kuyambira pa Salim bin Abdallah amene anafika m'zaka za m'ma 1840, ngakhale mbiri ya nthawi imeneyo ili ndi mbali yowawa ya malonda a akapolo imene sitiyenera kuibisa. Pambuyo pa ufulu boma linatsegula masikimu othirira monga Bua, Limphasa, Domasi, Hara ndi Wovwe, ena mothandizidwa ndi alangizi a ku Taiwan, ndipo ku Lifuwu m'boma la Salima ndiko kuli malo ofufuzira za mpunga. Faya ndi Kilombero tili nazo. Chimene tinasowa ndi njira yabwino yochitira ndi wotsala.

Chimene chinadwalitsa ana

Apa ndichedwepo, chifukwa wina angawerenge nkhaniyi mothamanga n'kunena kuti a mwalimu alola kukazinga mpunga wogona. Sindinatero.

A chipatala amene anathandiza mwana uja anandifotokozera, ndipo pambuyo pake ndinakawerenga ndekha. Mu mpunga wosaphika mumakhala kachilombo kosaoneka ndi maso kotchedwa Bacillus cereus, kochokera m'dothi. Kamadzitsekera m'kachikhokho kolimba kotero kuti madzi owira sakapha. Mpunga ukapsa n'kuyamba kuzizira pang'onopang'ono, kachilomboko kamadzuka n'kuyamba kuswana, makamaka pamene kutentha kuli pakati pa madigiri 5 ndi 60. Poswanapo kamatulutsa poizoni, ndipo poizoni ameneyu saopa moto. Mungatenthetse, mungakazinge mpaka mpunga kupserera, tizilombo tifa koma poizoniyo atsala. Sanunkha, sasintha kakomedwe. Munthu amayamba kusanza pakangopita ola limodzi mpaka maola 5 kapena 6 chidyereni. Ambiri amachira pasanathe tsiku, koma kwa khanda, nkhalamba ndi munthu wodwaladwala, kutha madzi m'thupi ndi ngozi yeniyeni. Madokotala a kunja anachita kuwapatsa matendawa dzina lonena za mpunga wokazinga, chifukwa kawirikawiri amachokera m'malo odyera amene amasunga mpunga wophika pofunda kudikira kuukazinga.

Tsono onani zimene tinachita pa sadaka paja. Poto wamkulu, wodzaza, wovundikira, pafupi ndi mafuwa, usiku wa Okutobala. Pakati pa poto wotero pamakhala pofunda mpaka m'bandakucha. Tinachita kukamangira kachilomboko nyumba. Panalibe mfiti, panalibe wothira mankhwala. Ndipo ngati izi zinachitika kuno ku Mchinji, kumene tili pamtunda woposa mamita 1,000 ndipo usiku kumazizirako, nanga inu a ku Mangochi, Makanjira, Salima ndi Nkhotakota, kumene nyanja ili pansi pa mamita 500 ndipo mu Novembala munthu amagona pakhonde?

M'mene ndinamva izi m'pamene ndinazindikira nzeru ya thireyi ya mkulu uja. Kuyala mpunga mopyapyala kumachita ntchito ziwiri nthawi imodzi. Kumauziziritsa msanga kuti kachilombo kasapeze mpata, komanso kumaumitsa kunja kwa njere kuti m'chiwaya zisamatane. Mpunga wotentha wongophula kumene ukauthira m'mafuta umasanduka phala. Alangizi a zaumoyo amati mpunga uzizire pasanathe ola limodzi, usakhale pabwalo kupitirira maola awiri, m'furiji usapitirire tsiku limodzi, ndipo utenthetsedwe kamodzi kokha. Amene muli ndi furiji, ndipo magetsi sanazime usiku, mukhoza kukazinga wa dzulo monga amachitira ku Jakarta. Amene mulibe, kazingani wa lero lomwelo. Ndikudziwa kuti ena anena kuti takhala tikudya mpunga wa futari pa dakwi chibadwire ndipo tili moyo. Inenso ndakula choncho. Koma kuchokera pa futari kufika pa dakwi ndi maola 9 kapena kuposa, ndipo ndikayang'ana m'mbuyo ndimakumbukira masiku ena a Ramadhan amene tinkati m'mimba mwavuta chifukwa cha swaumu, pamene mwina mlandu unali wa poto.

Kaphikidwe ka kwathu

Alendo aja atapita, mkazi wanga anayesa kangapo mpaka anapeza njira yogwirizana ndi zimene zili pamsika wa pa Boma kapena pa Kamwendo. Kwa banja la anthu anayi amatenga makapu 5 a mpunga wophika wozizira. Ngati ndi Kilombero, chepetsani madzi pophika, chifukwa ndi wofewa ndipo sachedwa kumatana. Musanayatse moto, phwanyani zibuma ndi manja osamba bwino.

Usipa wouma wodzaza dzanja limodzi, kapena bonya, muuchotse mitu, muutsuke mchenga, muukazinge m'mafuta mpaka uchite khirichi, n'kuuika padera. Theka lake musinje pamodzi ndi anyezi awiri ang'onoang'ono, adyo zidutswa zitatu ndi tsabola wa kambuzi monga mwa mphamvu ya ana anu. Usipa wosinjawu ndiwo ukulowa m'malo mwa terasi, ndipo kunena zoona ine ndimaukonda kuposa terasiyo. Thirani masipuni atatu a mafuta m'chiwaya, mukazinge zosinjazo mpaka fungo la anyezi wamuwisi lithe ndipo mafuta ayambe kuonekera m'mbali. Apa musapupulume, pakuti ndi pamene pagona kukoma konse. Ngati pali nyama ya mbuzi kapena nkhuku yotsala, iduleni tizidutswa muthire tsopano, pamodzi ndi kabichi kapena mpiru wodula mopyapyala.

Kenaka mpunga. Moto ukhale waukali, makala ofiira osati ofuka, ndipo musadzaze chiwaya. Ngati anthu ndi ambiri kazingani kawiri kapena katatu. Takasani osaleka kuti njere iliyonse ikhudze chitsulo. Msuzi wakuda uja muthire m'mbali mwa chiwaya kuti upse pang'ono usanalowe mu mpunga, masipuni awiri akwanira. Lawani musanathire mchere, chifukwa usipa ndi msuziwo zili nawo kale. Mpunga utenthe mpaka kutulutsa nthunzi paliponse. Pomaliza wazani usipa wotsala uja pamwamba, dzira lokazinga, nkhaka, tomato, ndi kachidutswa ka ndimu.

Kecap manis sindinamuonepo m'sitolo za kuno. Koma msuzi wamba wa soya umapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe ndi ku Chipata. Tengani kapu imodzi ya msuziwo ndi kapu imodzi ya shuga wa bulauni, muwiritse pa moto wochepa mpaka zinande, zikazizira musunge m'botolo. Pogula yang'anani chizindikiro cha halaal, chifukwa misuzi ina ya soya imakhala ndi kamowa kochokera m'kusasa kwake, ina amachita kuthiramo. Chimandiseketsa n'chakuti soya amene amatuluka m'minda ya Mkanda ndi Kapiri pa malole ndi yemweyo amene anzathu amapangira msuzi umenewu, ife n'kumakaugula m'kabotolo kochokera kutsidya kwa nyanja. Ngati msuzi wa soya palibe, sungunulani sipuni ya shuga m'mafuta mpaka ifiire, muthiremo madzi pang'ono a bwemba ndi mchere. Sizifanana ndendende, ndisakunamizeni, koma ana sasiyako.

Pa sadaka ndi pa ukwati ndiye pafunika kugwirizana. Pamudzi paja tsopano amachita motere. Asanagule mpunga amawerenga anthu, ndipo ife tinayesa tinapeza kuti kilogalamu imodzi imakwanira akuluakulu 6 kapena 7 pakakhala ndiwo zokwanira. Saphika wonse nthawi imodzi: poto womaliza amatereka pokhapokha akaona kuti anthu akubwerabe. Pogawa chakudya pamakhala amayi awiri amene ntchito yawo ndi kuyala wotsala m'malichero ndi m'mathireyi nthawi yomweyo, osadikira kuti alendo achoke. Wina amagawira anansi tsiku lomwelo, Asilamu ndi Akhristu omwe, ukadali wabwino. Wotsalawo amaukazinga madzulo kuti adye amene anagwira ntchito, otunga madzi, owaza nkhuni ndi otsuka mbale, amene kale ankangotsala ndi nkhoko za pansi pa poto.

Pa sadaka ya chaka chatha, amayi awiri a mabanja amene anasemphana aja ndi amene anali pa chiwaya, wina akutakasa wina akuswa mazira. Dzina loti nasi goreng linawakanika, amangoti mpunga wa alendo. Anandituma kuti ndikapita ku Nkhotakota pa tchuthi ndikabwere ndi ndowa ya usipa wowuma bwino, chifukwa wa pamsika wa kuno umakhala ndi mchenga wambiri.